Odi m'Dimba la Maluwa

Mukamachokera ku Lilongwe kulowera ku Mchinji, mutapitirira Njewa koma musanafike pa Namitete, pali malo amene timagulitsapo tomato, anyezi ndi mbatata m'mbali mwa msewu. Thandala langa lili pansi pa mtengo wa mthethe. Loyandikana nalo, limene lero pansi pake pamagona mbuzi, linali la a Ambrose Kwenda. Iwowo ankagulitsa maluwa.

A Ambrose si a m'mudzi mwathu. Kwawo ndi ku Kasiya. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito yosamalira pabwalo kwa masisiteri, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira kudulira marozi ndi kufesa timbewu tating'ono ngati fumbi. Anakwatira mnzanga Getrude, amene tinakulira limodzi ndi kuimbira limodzi kwaya, nakhala mkamwini m'mudzi muno. Anali munthu wamtali, wowonda, wosayankhulayankhula. Ukawapatsa moni ankayamba aganiza kaye, ngati kuti wawafunsa funso la pa mayeso.

Getrude anali ndi dimba limene anamusiyira amayi ake, kumunsi kudambo, lokhala ndi chitsime chake. Ntchito ya kwa masisiteri itatha, a Ambrose anapempha mbali imodzi ya dimbalo nabzalamo maluwa. Mudzi wonse unaseka mpaka kugwira nthiti. Mwamuna wandevu zake, anzake ali kalikiliki ndi fodya, iye n'kumathirira zinthu zosadyedwa! Wina anamufunsa Getrude pachigayo ngati mwana wawo adzakule ndi ndiwo za marozi. Getrude sankasowa poyankha. Anangoti, "Nanga fodya wanuyo mumathira mchere n'kudya?" Funsolo silinabwerenso.

Ntchito anagawana mosachita kukambirana. Kulima, kuthirira ndi kudula zinali za mwamuna. Kumanga maluwa m'mitolo, kuluka nkhata za pa maliro ndi kucheza ndi ogula zinali za mkazi. Maluwa a pa guwa la m'tchalitchi ankachokera kwa iwo, a pa maukwati chimodzimodzi. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo ngakhale ana ankalidziwa: m'dimba la a Ambrose munthu sathyola duwa popanda mawu awo. Wokhala ndi ufulu umenewo anali Getrude yekha.

Alendo a m'tauni anayamba ndi mayi wina amene anaima kudzagula tomato kwa ine. Anaona ndowa ya marozi pathandala la Getrude, nafunsa komwe amalimidwa. Getrude anamutenga kupita naye kudimba, mayiyo anajambula zithunzi pafoni yake, basi nkhani inafala. Kuyambira pamenepo, mvula ikangosiya ndi kuzizira kuyamba, Loweruka lililonse magalimoto ankaima pamalo pathu. Anthu a m'tauni ndi odabwitsa, ine ndinawalephera. Amasiya nyumba zawo za mipanda ya njerwa, kuwononga mafuta, kudzaponda matope ndi nsapato zoyera kuti ajambulidwe akununkhiza duwa. Ankabwera ndi ana, mikeka ndi zakumwa, n'kukhala pamthunzi wa nthochi mpaka dzuwa kupendeka. Getrude ankayenda nawo bedi ndi bedi akuwaseketsa, a Ambrose ali pambuyo ndi kampeni kawo, kudula chimene mkazi wawo waloza. Pobwerera alendowo ankagulanso tomato wanga, ndiye kuwanyoza ndinkawanyozera mumtima.

Zinayenda choncho zaka zambiri, mpaka mwana wawo mmodzi yekhayo, Jacqueline, anakula, nakwatiwa, nakakhala ku Lilongwe.

Getrude anamwalira mu Juni, maluwa ali pachimake. Sanadwale nthawi yaitali. Anadandaula mutu Lachitatu, tinapita naye kuchipatala, Lachisanu tinabwera ndi mtembo. Ine ndinalira mpaka mawu kutha. A Ambrose sanagwetse msozi. Anakhala pakhomo pa nyumba ya siwa atatambasula miyendo, manja ali pamaondo, maso ali pa nkhokwe. Obwera kudzapepesa ankawagwira dzanja, iwo n'kulipereka, likasiyidwa n'kugwera pomwe linali.

M'mawa wa tsiku loika maliro, amayi a mphakati wathu anandituma kuti ndikawafunse za nkhata. Ndinagwada pafupi nawo.

"Bambo a Jacqueline, tipite kudimba tikathyole maluwa?"

Ndinafunsanso, ndinafunsa kachitatu nditawagwira phewa. Anandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira galimoto yodutsa, kenako maso anabwerera kunkhokwe. Ndinakawauza anzanga, ndipo tinayang'anana. Palibe amene analimba mtima kulowa m'dimba lija popanda chilolezo, chifukwa lamulo la zaka zonse zija linali litatilowa m'magazi. Jacqueline, poona kuti nthawi ikutha, anaimbira foni anzake amene anali m'njira kuti agule nkhata m'tauni. Anabwera nazo zapulasitiki, zofiira ndi zachikasu, zokutidwa m'mapepala onyezimira.

Kumanda, adzukulu atamaliza kuunda mtumbira, woyendetsa mwambo anaitana kuti nkhata yoyamba aike mwamuna wa malemu. Anawapatsa m'manja. Pepala lija linalira kuti tswatswa, ndipo a Ambrose anaweramitsa mutu kuyang'ana chimene anagwira. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka kwaya inabwereza ndime. Kenako anachiika pamtumbira, napukuta manja pa buluku. Mkazi amene analukira nkhata za maluwa amoyo theka la anthu ogona m'manda amenewo anagona pansi pa pulasitiki.

Maliro atatha, a Ambrose anabwerera kudimba ngati palibe chachitika. Ankathirira m'mawa, ankathirira madzulo. Loweruka ankabwera pathandala ndi ndowa zawo, koma mitolo yawo inali yomangidwa ngati nkhuni. Alendo ankafunsa kuti, "Amayi osangalala aja ali kuti lero?" Iwo ankayankha kuti, "Kulibe." Ena ankaganiza kuti apita kumsika, n'kunena kuti mukawapatse moni. A Ambrose ankavomera ndi mutu. Ankatsogolera alendowo kudimba, n'kuima pachipata, ana akuthamanga m'mabedi ndi kuthyola chilichonse chimene afuna. Lamulo lija linali litafa, ndipo mwini wake sanaoneke kuti wazindikira. Ine zinkandiwawa, mwakuti tsiku lina ndinakalipira mwana wa eni ake mpaka amayi ake anandiyang'ana ndi diso lofiira.

Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachisamala. Pafupi ndi chitsime anakonza bedi latsopano, nakwiriramo timitu tonga anyezi, natchingira ndi minga. Nditawafunsa, anayankha mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva kwa iwo chimwalirire Getrude.

"Ndi akakombo oyera, amake Kingsley. Ankawakonda. Adzamasula kumayambiriro a Novembala."

Ndinamva chimene ankatanthauza. Kumanda kwathu munthu salowa mwachisawawa, ngakhale kuli mkazi wako. Timalowako pa maliro, komanso tsiku limodzi la mu Novembala, pamene akhristu timaloledwa kukalambula ndi kupempherera akufa athu. A Ambrose ankafuna kuti tsiku limenelo akaike pamtumbira wa Getrude maluwa olimidwa ndi manja awo. Sankafuna china chilichonse padziko lapansi, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati n'kudya komwe ankakufuna.

Koma mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Mkazi akamwalira, akuchikazi amakhala pansi ndi abale a mwamuna n'kumusudzula, kumumasula kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina. Mwini mbumba wa banja la Getrude ndi mlongo wake, a Simeon, mlimi wa fodya, munthu wa mawu okhadzula. Dimba lija mwini wake weniweni tsopano anali Jacqueline, koma iye ndi moyo wa m'tauni anangoti atsibweni ake alime. Ndipo nazale ya fodya imafesedwa mu Seputembala, pafupi ndi madzi.

Mabanja awiriwo anakumana pansi pa mtengo wa mango, ine ndili chapatali ndi amayi anzanga. Kuchokera ku Kasiya kunabwera akulu awo a a Ambrose, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. A Simeon anayankhula mwaulemu, ndisawanamizire.

"Alamu, mwakhala nafe bwino. Simunatukwanepo munthu, mlongo wathu simunamumenyepo. Sitikukuthamangitsani ayi. Koma mwambo mukuudziwa. Takumasulani."

A Ambrose anavomera ndi mutu monga ankavomerera alendo opereka moni kwa wakufa. Anthu anayamba kusuntha kuti adzuke. Pamenepo ndi pamene a Ambrose anatsegula pakamwa.

"Ndingapemphe kukhala mpaka Novembala?"

"Novembala wachita chiyani, alamu? Fodya sadikira."

"Pali bedi limodzi."

A Simeon anapumira m'mwamba. Akulu awo a a Ambrose anawagwira mkono, kuwanong'oneza kuti munthu womasulidwa sakakamira pamudzi pa eni, anthu angamuganizire zina. Mapeto ake anagwirizana kuti a Ambrose apite, koma bedi la pachitsimelo lisakhudzidwe. Za amene azilithirira palibe anazitchula. Ndinadzuka pakati pa amayi, mwambo kapena ayi, ndinati ndizithirira ine.

A Ambrose ananyamuka patapita masiku ochepa. Katundu wa zaka zonse zija anakwana panjinga: chikwama cha zovala, wailesi, khasu ndi kampeni kaja. Nyumba anaisiya ndi zonse za m'katimo, makiyi anapereka kwa akazi a a Simeon. Anadutsa pathandala langa akukankha njingayo.

"Madzulo okhaokha, amake Kingsley. Musathire pamasamba, muzithira pansi."

Anatero basi. Tsalani bwino sananene, ndipo sanacheukire kudambo.

Sabata yomweyo a Simeon ndi ana awo analowa m'dimba ndi makasu. Marozi amene anakula kufika m'chiuno anazulidwa n'kuunjikidwa kumpanda, ndipo atauma anawatentha pamabedi pokonzekera kufesa. Posakhalitsa dimba lonse linali mizere ya nazale yofunditsidwa udzu, pakati pake kabedi kamodzi ka minga. Magalimoto anabwerabe Loweruka lina ndi linzake. Alendo ankatsika ndi mikeka yawo, ine n'kuwauza kuti maluwa anatha. Bambo wina wa magalasi akuda anakwiya, akuti wayenda ulendo wonsewu pachabe, bwanji osalengeza. Ndinamufunsa kuti tikanalengeza pa wailesi iti kuti mayi wamwalira ndipo mwamuna wake wasudzulidwa. Anakwera galimoto yake osagula n'tomato yemwe. Kenako anasiya kubwera onse.

Okutobala wa chaka chimenecho anatentha ngati tachimwira wina. Chitsime chinatsika mpaka tinkachita kudikira kuti madzi asonkhane pansi, n'kumatunga ndi kambale. Ndikafika madzulo ndinkapeza ana a a Simeon atakokolola onse, kwatsala matope. Akakombo anali atatulutsa mapesi, koma masamba a m'munsi anayamba chikasu, ena anagona pansi osadzukanso. Ndinayesa kusenza madzi kuchokera pa mjigo wa kusukulu, koma ndi kutali, ndipo msana wanga si wa mtsikana. Tsiku lina ndinawapeza a Simeon pachitsime, ndipo ndinalephera kudzigwira.

"A Simeon, kodi ndowa imodzi yokha ingaphe fodya wanu?"

"Amake Kingsley, fodyayu ndiye chakudya cha ana chaka chamawa. Maluwawo adzadyetsa ndani?"

"Munalonjeza pamaso pa anthu!"

"Ndinalonjeza kuti sindizula. Ndazula?"

Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano, iwonso anandibwezera ena. Ndinapita kunyumba. Tsiku lotsatira msana unandigwira zenizeni, ndinagona masiku angapo osatha ngakhale kuwerama. Ndili gone pamphasa ndinkangoona bedi lija likuuma, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mawu okawauza a Ambrose.

Nditapezako bwino ndinatsikira kudambo m'mamawa, ndikukoka mwendo, kuti ndikaone maliro achiwiri. Ndinapeza dothi la pabedi lili lonyowa. Madzi anathiridwa pansi, masamba ali ouma bwinobwino. Cha kumpanda a Simeon anali atandifulatira, akusendeza udzu pa nazale yawo, ndowa ili pambali. Mzere wa fodya wa kumapeto unali utapserera.

A Simeon anayankhula osatembenuka. "Anali mlongo wanga ine musanamudziwe inu. Muzipita mukagone."

Chibale ndi fupa, sichiola. Sitinapepesane, ndipo mpaka lero moni wathu ndi wa pakamwa chabe. Koma kuyambira tsiku limenelo bedi lija silinagonenso ndi ludzu. Ambiri mwa akakombo anali atafa kale. Amene anatsala, ochepa oti n'kukwana m'dzanja limodzi, anatupa nsonga, ndipo Okutobala akutha anayamba kumasula.

Tsiku lokumbukira akufa, a Ambrose anafika dzuwa litakwera pang'ono. Anali atanyamuka ku Kasiya dzulo lake n'kugona kwa mnzawo panjira. Fumbi linali mpaka m'nsidze, jekete lawo la ku tchalitchi likulendewera m'mapewa ngati lobwereka. Ndinatsika nawo kudimba. Titafika pachipata, chipata chimene anachimanga okha ndi nsungwi zodula okha, anaima, navula chipewa.

"Odi!"

M'katimo munali akazi a a Simeon, akuthirira. Anadzidzimuka, nayang'ana ine, nayang'ana iwo.

"Lowani, alamu. Mpaka odi?"

"Ndi dimba la eni," anatero a Ambrose. "Ndabwera kudzaona maluwa. Ndingathyoleko?"

Mayiyo anaika ndowa pansi n'kuphimba kumaso ndi chitenje. A Ambrose anadikirabe mpaka atamva kuti eya. Anadutsa pakati pa mizere ya fodya osayang'ana kumanja kapena kumanzere, anachotsa minga, natulutsa kampeni. Anadula phesi lililonse mosafulumira. Atatha anayesa kuwamanga ndi luzi, koma mtolo unkangomasuka. Anayesanso, unamasukanso. Anandipatsa.

"Ankamanga ndi iye," anatero.

Ndinamanga mmene ndinkamuonera Getrude akuchitira, ngakhale sizinafanane.

Kumanda kunali anthu ambiri, makasu ndi matsache ali m'manja. Banja lililonse linapita pa mitumbira yake. Jacqueline sanabwere, akuti kuntchito anamukaniza. Mtumbira wa Getrude unali utatitimira pang'ono, koma nkhata zapulasitiki zija zinali pomwepo, zofiira ndi zachikasu, zowala ngati zagulidwa dzulo. Dzuwa la miyezi yonseyo silinazichite kanthu. A Ambrose anazichotsa imodziimodzi, naziika kumiyendo. Anasalaza dothi ndi chikhatho, nagoneka akakombo awo kumutu. Kenako anakhala pansi, miyendo atatambasula, manja pamaondo, monga anakhalira pa siwa paja.

Akatekisi anayamba mapemphero, ndipo akatekisi athu akayamba sadziwa kumaliza. Tinapemphera kolona yonse, tinaimba, anawaza madzi odalitsa mtumbira ndi mtumbira. Mtengo umene unkapereka mthunzi pamalopo unali utayoyola masamba, dzuwa linkagwa molunjika. Pamene ankafika kwa ife, akakombo anali ataweramitsa mitu, m'mphepete mwa maluwa mutayamba kuda. Mtima unandipweteka. Msana wanga, mkangano uja, mzere wa fodya wa a Simeon, ulendo wa panjinga kuchokera ku Kasiya, zonsezo kuthera pa maluwa osafika n'masana omwe! Ndinavula mpango wanga kuti ndiwatchingire.

A Ambrose anandigwira dzanja.

"Asiyeni, amake Kingsley."

"Akufota, bambo a Jacqueline. Taonani, akufota!"

"Eya. Afote." Analoza ndi chibwano nkhata za kumiyendo zija. "Izo zakhala naye miyezi yonseyi, ndipo mpaka lero sizikudziwa kuti pano pali maliro."

Kenako anaika chikhatho padothi lotenthalo, pambali pa maluwa, ndipo ndinamva akuitana motsitsa, ngati munthu amene wafika pakhomo n'kupeza chitseko chotseka.

"Getrude. Ndine."

Anthu anali atayamba kutuluka, ndipo kumanda satsalirako munthu. A Simeon anabwera, anaima pambuyo pawo nthawi ndithu, kenako anawerama n'kuwagwira m'khwapa.

"Tiyeni, alamu. Akutseka."

Anadzuka. Anakana kudya, akuti njira ndi yaitali. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, pamene anakwera njinga yawo, ndipo pathandala lawo lakale sanayang'anepo.

Chaka chino kuzizira kutayamba, galimoto ina inaima pamalo pathu. Anatsika mayi uja woyamba, amene anatulukira dimba la Getrude, tsopano ali ndi imvi ndi kamdzukulu kumsana. Anandifunsa ngati maluwa ayamba. Ndinamuuza kuti kuno kulibenso maluwa, alipo ndi tomato. Anafunsa kuti nanga bambo aatali aja anasamukira kuti, mwina akawapeze kumeneko. Ndinati ali ku Kasiya, kwa akulu awo. Ndinamva kuti anawapatsa kamunda kumtunda, kopanda chitsime, ndipo amalima chimanga ngati wina aliyense.